Bokosi lolimba, chikwama chakumsana kapena chopanga tokha: kusankha chonyamulira droni kuno ku Zomba

Munthu akamagula droni yojambulira, maganizo ake onse amathera pa ubwino wa kamera, pa kutalika kwa nthawi imene droniyo imakhala m'mwamba ndiponso pa chiwerengero cha mabatire. Nkhani ya choinyamulira imakumbukika mochedwa, nthawi zambiri pamene wafika kale pa depoti ndipo kondakitala akufuna kukankhira katundu wake pansi pa mpando pamodzi ndi matumba a chimanga. Komatu mukawerengera bwino, batire limodzi limauluka mphindi 20 kapena 30 zokha pa ntchito yeniyeni, pamene panjira droniyo imakhalapo maola ambiri, ikugwedezeka, ikupsa ndi dzuwa ndiponso ikupumira fumbi. Chiyambire pamene sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, achinyamata odziwa kuulutsa madroni akuchuluka, ndipo kuno ku Zomba sizachilendonso kuona kandege kakuzungulira pamwamba pa ukwati kapena pamunda wa mpunga. Ambiri mwa iwo anagula zipangizozi movutikira, ndipo chikathyoka chinthu chaching'ono, cholowa m'malo mwake chimayenera kuchokera kunja kwa dziko.

Ine ndimakhulupirira kuti chonyamulira chimasankhidwa poyang'ana njira imene mumayenda, osati poyang'ana mtengo wa droni. Mzinda wathu uli ndi njira zitatu zosiyana kwambiri. Pali yokwera phiri, kumene galimoto imakusiyani penapake ndipo kuchokera pamenepo mumayenda pansi kupita ku mathithi a Williams, ku Chingwe's Hole kapena ku Emperor's View, m'dera la nkhungu ndi mvula yobwera mosachenjeza. Pali yotsikira ku nyanja ya Chilwa, ya fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, imene imathera m'bwato ngati mukupita ku chilumba cha Chisi kuchokera pa Kachulu. Ndiye pali ya tsiku ndi tsiku, ya kabaza wochokera ku Matawale kapena ku Chinamwali, ndi minibasi ya mumsewu wa M3 yopita ku Blantyre kapena ku Liwonde. Palibe chonyamulira chimodzi chimene chimapambana pa njira zitatu zonsezi.

Tisanayerekeze, ndi bwino kudziwa chimene tikuteteza. Thupi la droni ndi lolimba kuposa mmene limaonekera. Chosalimba ndi gimbal, kachipangizo ka timamota titatu kamene kamagwira kamera kuti isagwedezeke pouluka. Kameneka kamalendewera pa timphira tofewa ndipo kamalumikizidwa ndi kachingwe kopyapyala kwambiri, moti kugwedezeka kwa maola awiri pa msewu wa mabampu kungakawononge ngakhale droniyo isanagwe n'kamodzi komwe. N'chifukwa chake kachivundikiro kapulasitiki kotchingira gimbal, kamene kamabwera ndi droni, ndi kofunika kuposa bokosi lililonse, ndipo bokosi limene silikwana droni itavala kachivundikiroko musaligule. Zina zosachedwa kuwonongeka ndi mapropela, amene amapindika akapanikizidwa, timitengo toyendetsera pa limoti, sikirini ya limotiyo, ndi mabatire.

Tiyambe ndi bokosi lolimba la pulasitiki, la mtundu umene makampani monga Pelican a ku America, Nanuk a ku Canada ndi HPRC a ku Italy amapanga. Mabokosi amenewa ali ndi mphira wozungulira m'mphepete mwa chivundikiro, zotsekera zamphamvu, mabowo okolekapo loko, ndiponso kavalavu kolinganiza mpweya. Ambiri amalembedwa kuti IP67. Nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi sililowa ngakhale pang'ono, ndipo 7 ikutanthauza kuti bokosilo lingamizidwe m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 popanda madzi kulowa. Kwa munthu wogwira ntchito ku Chilwa, manambala awiriwa ndi nkhani yaikulu. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo madzi otere akalowa m'zipangizo zamagetsi amasiya mchere umene umapitiriza kudya timawaya ngakhale zitauma. M'bwato madzi amakhala pansi nthawi zonse, ena amathovukira kuchokera ku nkhafi, ndipo bokosi lotsekeka bwino likagwera m'nyanja limayandama ngati simunalidzaze ndi zolemera mopitirira.

Kavalavu kaja anthu ambiri sakaganizira, koma kuno kali ndi ntchito yooneka. Tawuni ya Zomba ili pa mamita osafika 1,000 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, nsonga ya phiri imapitirira mamita 2,000, pamene Chilwa ili pa mamita 600 ndi chinachake. Mukatseka bokosi losalowa mpweya muli pamwamba pa phiri n'kutsika nalo, mpweya wakunja umakhala wamphamvu kuposa wamkati, ndipo chivundikiro chimamatirira moti kutsegula kwake kumafuna kulimbana. Kavalavuko kamalola mpweya kudutsa koma kamatchinga madzi. Mabokosi otsika mtengo ofanizira ena amakhala ndi kavalavu kopotokola ndi dzanja, ndipo amagwira ntchito ndithu, malinga mukumbukire kukatseka musanalowe m'bwato.

Vuto loyamba la bokosi lolimba ndi kulemera. Pelican 1510, limene ojambula ambiri amalikonda chifukwa lili ndi mateyala ndipo kukula kwake kumaloledwa m'ndege monga katundu wam'manja, limalemera makilogalamu pafupifupi 6 musanaikemo kanthu kupatula siponji. Mtundu wopepuka wa kampani yomweyo, Air 1535, uli pafupi ndi makilogalamu 4. Tsono ganizirani kuti droni ya DJI Mini 4 Pro siikwana magalamu 250, Air 3 ndi magalamu 720, ndipo Mavic 3 siifika kilogalamu imodzi. Kunyamula bokosi la makilogalamu 6 chifukwa cha droni ya magalamu 250 n'kudzisenzetsa mtolo wopanda chifukwa. Mateyala ake anapangidwira simenti ya pabwalo la ndege. M'tinjira ta m'nkhalango ya paini kuphiri, kapena mumchenga wa pa Kachulu, bokosilo mumalisenza basi. Pa kabaza nalonso limavuta, chifukwa silivalika kumsana, ndipo mukalimangirira pa kaliyala ndi malegeni, bampu iliyonse imafika m'kati mwake mwachindunji.

Vuto lachiwiri ndi limene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa linandionetsa ine ndemwe. Walira mvula walira matope: bokosi limene sililola madzi kulowa sililolanso chinyezi kutuluka. Chaka china m'mwezi wa Julaye ndinajambula m'mawa kufupi ndi damu la Mulunguzi kukuchita chiperoni, ndinapukuta zipangizo ndi kansalu, n'kutseka bokosi, ndipo chifukwa panalibe ntchito ina ndinalisiya chitsekere kwa milungu ingapo. Pamene ndinatsegula, munali fungo la chinyontho, siponji inali yozizira, ndipo m'kati mwa lenzi ya kamera yanga yam'manja munali mutayamba chuku chooneka ngati ulusi wa kangaude. Chuku chotere chimakula m'malo amdima, ofunda ndi achinyezi, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wapadera wa pagalasi moti ngakhale mutatsukitsa, chipsera chimatsala. Aliyense wosankha bokosi lolimba aziliona ngati chonyamulira cha panjira, ndipo akafika kunyumba azilitsegula, kutulutsa zipangizo ndi kulola siponji iume. M'katimo muzikhala timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, makamaka ta mtundu wosintha maonekedwe tikakhuta chinyezi, timene mungatiumitsenso pa kutentha pang'ono n'kutigwiritsanso ntchito.

Kutsekeka komweko kuli ndi ubwino wake pa tsiku lozizira. Mukatsika kuphiri zipangizo zili zozizira koma zouma, n'kulowa m'nyumba yofunda, musathamangire kutsegula. Lisiyeni bokosilo kwa kanthawi kuti zam'katimo zifunde pang'onopang'ono, apo ayi mame amagwira pagalasi ndi m'kati mwa zamagetsi monga amachitira pa botolo lochokera mufiriji.

Za m'kati mwa bokosi nazo zili ndi kusankha kwake. Siponji yodulidwa kale kufakitale molingana ndi mtundu umodzi wa droni ndiyo imagwira bwino koposa, chifukwa chilichonse chili ndi dzenje lake ndipo mukangoyang'ana mumadziwa chimene mwaiwala kumunda. Koma mukasintha droni, siponjiyo yatha ntchito. Pali siponji ya timabwalo timene mumazula nokha kuti mupange dzenje la kukula kumene mukufuna. Ndi yosavuta, koma timabwaloto timayamba kuthothoka pakapita nthawi, makamaka ngati munasiya khoma lopyapyala pakati pa zinthu ziwiri, ndipo tizidutswa take timakalowa m'mamota. Pali zigawo zosunthika zomata, zimene zimathandiza munthu amene lero wanyamula droni, mawa kamera ndi maikolofoni. Chofunika kusiyanitsa ndi mtundu wa siponjiyo. Yofewa ngati ya matiresi imamwa madzi ndipo imachedwa kuuma, pamene yolimba, yosamwa madzi, ndiyo yoyenera nyengo yathu ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo.

Njira yachiwiri ndi chikwama chakumsana chopangidwira makamera ndi madroni, monga za Lowepro kapena PGYTECH. Kwa wokwera phiri palibe chochiposa. Manja onse awiri amakhala omasuka pa miyala yoterera, muli malo a botolo la madzi, jekete, laputopu ndi kamera, ndipo pa njinga yamoto thupi lanu ndi mawondo anu zimameza kugwedezeka kusanafike pa gimbal. Chikwama chabwino chimatsegukira mbali ya kumsana, zimene zimathandiza pawiri: wakuba sangatsegule zipi muli m'chigulu cha anthu mumsika, ndipo mukachiika pansi kuti mutulutse zipangizo, mbali yogunda matope si imene mudzaivale. Koma chikwama ndi nsalu basi. Chovundikira cha mvula chimene chimabwera nacho chimathandiza pa mvula yowaza, osati pa yamkuntho ya mu Januwale, ndipo fumbi la mu Okutobala limalowera m'mano a zipi. Choopsa kwambiri ndi kupanikizidwa. Mu minibasi yodzaza, munthu akatsamira chikwama chanu kapena wina akasanjikapo thumba la mbatata, siponji yopyapyala ya m'zigawo singaletse kanthu. Wosankha njira imeneyi avomereze kuti chikwamacho chizikhala pamiyendo pake ulendo wonse.

Pakati pa ziwirizi pali njira yachitatu, ya timabokosi toumbidwa ndi zinthu zotchedwa EVA, tolimba pang'ono kunja ndipo totseka ndi zipi, komanso tizikwama tapaphewa timene timabwera ndi droni mukagula pamodzi ndi mabatire owonjezera. Ndi topepuka, totsika mtengo, ndipo timateteza ku kukalika ndi kugunda kwapang'ono. Kwa wojambula maukwati ndi zinkhoswe m'tawuni, amene amayenda pagalimoto ndipo katundu amakhala pampando, timeneti tingakwanire. Kachikwama kapaphewa kamandidetsa nkhawa chifukwa zinthu zimapanikizana m'katimo, ndipo chizindikiro cha kampani chimene chili kunja chimauza aliyense zimene mwanyamula. Pamadzi ndi pa kupondedwa, timeneti musatidalire.

Njira yachinayi ndi yopanga tokha, ndipo sindikufuna kuinyoza, chifukwa bokosi lenileni lochokera kunja limadula, ndipo poti ndi lalikulu, mtengo wotumizira ndi msonkho zimawonjezera kwambiri. Bokosi lapulasitiki losungira zida za amakaniko, limene limapezeka m'masitolo a hadiweya, mukaliyala siponji yolimba yodulidwa mosamala ndi mpeni wakuthwa, limateteza bwino ku kupanikizidwa, ndipo pamsewu silikopa maso a munthu. Chimene lilibe ndi mphira wotsekera madzi, ndipo zotsekera zake zimatha kutseguka zokha likagwa, choncho limafuna lamba wozungulira kunja ndiponso thumba lapulasitiki lokhuthala m'kati nthawi ya mvula. Ena amagwiritsa ntchito kabokosi kosungira zozizira, ndipo kali ndi ubwino wochedwetsa kutentha kwa dzuwa kufika pa zipangizo. Pa kaunjika napo nthawi zina pamapezeka zikwama zamakamera zabwinobwino, zimene telala waluso angazisinthe zipi ndi kuzisokera zigawo zatsopano. Muzinunkhize kaye, chifukwa chikwama chimene chinagwirapo chuku chimapatsira zipangizo. Chimene sindingalimbikitse ndi bokosi lamatabwa la kwa kalipentala kapena lamalata, chifukwa limalemera, lamalata limatentha padzuwa, ndipo onse awiri salola kugunda kuferamo koma amakupititsa kwa zam'kati. Eni madroni akuluakulu osapindika, monga Phantom 4, ali ndi mwayi wochepa pa njira imeneyi, popeza kukula kwa droniyo kumafuna bokosi lakuya.

Mabatire ndi nkhani payokha, ndipo amakhudza kusankha kwanu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mabatire a lithium amadana ndi kutentha. Bokosi lakuda losiyidwa padzuwa la mu Okutobala ku Chilwa, kapena m'galimoto yotseka mawindo, limasanduka uvuni, ndipo batire lotenthedwa kawirikawiri limafufuma, limatha msanga, ndipo likhoza kuyaka. Apa mtundu wa bokosi uli ndi mbali yake: lachikasu, lalalanje kapena lotuwa limatentha mochedwa ndipo limaoneka msanga mu udzu, koma limaonekanso msanga kwa akuba, pamene lakuda limabisala koma limamwa dzuwa. Ine ndimasankha lowala n'kulibisa m'chikwama wamba. Batire lililonse likhale ndi malo akeake kuti zitsulo zake zisakhudzane ndi makiyi, ndalama zachitsulo kapena batire linzake. Musatchaje mabatire ali m'bokosi lotseka, ndipo lofufuma kapena limene linagwa mwamphamvu lisalowenso pamodzi ndi droni. Ngati simuuluka kwa masiku angapo, asungeni ali ndi moto wa pakati, cha pa 40 mpaka 60 peresenti. Mabatire a DJI amadzitsitsa okha moto akakhala osagwiritsidwa ntchito, ndipo potero amatulutsa kutentha pang'ono, chimene ndi chifukwa china chosawatsekera m'siponji kwa nthawi yaitali.

Amene amakwera ndege pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe adziwe kuti malamulo a maulendo apandege salola mabatire apadera a lithium kulowa m'katundu wopita pansi pa ndege. Amayenera kukhala m'katundu wam'manja. Osapitirira 100 Wh (Wh ndi muyezo wa mphamvu imene batire limasunga) amaloledwa popanda chilolezo chapadera, ndipo a pakati pa 100 ndi 160 Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndegeyo, osaposa awiri. Batire la Mavic 3 ndi la 77 Wh, la Phantom 4 Pro ndi la 89 Wh, choncho madroni ojambulira wamba ali mkati mwa malire. Chimene chimavuta ndi sikelo. Makampani ambiri amalola makilogalamu 7 okha m'manja, ndipo bokosi la makilogalamu 6 limakhala lamaliza kale pafupifupi gawo lanu lonse. Zikatero bokosilo lingatumizidwe pansi pa ndege, ndipo mabatire muyenera kuwatulutsa pomwepo, n'chifukwa chake kathumba kapadera ka mabatire, makamaka ka nsalu yosagwira moto msanga, kayenera kukhalapo nthawi zonse.

Tsono ndingalangize chiyani munthu wa kuno amene ali ndi droni yopindika ndipo amayenda njira zonse zitatu zija, ya kuphiri, ya kunyanja ndi ya tsiku ndi tsiku? Agule kabokosi kolimba kakang'ono, kosalowa madzi, kongokwana droni, limoti ndi mabatire awiri kapena atatu, ndipo akalowetse m'chikwama wamba chakumsana chokhala ndi malamba abwino. Kabokosi kotere ndi kopepuka kwambiri poyerekeza ndi lamateyala, kamapirira kukhalidwa mu minibasi, kamatchinga madzi a m'bwato ndi fumbi, ndipo chikwama chakunjacho chimamasula manja pokwera phiri ndi kuchititsa kuti munthuyo azioneka ngati wophunzira wa pa yunivesite wonyamula mabuku. Chotsalira chake n'chakuti kutulutsa droni kumatenga nthawi yochulukirapo, ndipo kamera yam'manja imafuna kachikwama kake. Bokosi lalikulu lamateyala ndi la amene ali ndi galimoto, zipangizo zambiri ndi antchito othandiza kunyamula, monga opima malo ndi ojambula a mabungwe. Chikwama chapadera chakumsana ndi cha amene ntchito yake yambiri ili kuphiri ndipo sakwera bwato. Bokosi lopanga tokha ndi poyambira pabwino kwa amene ndalama zathera pa droni, ndipo ndi labwino kwambiri kuposa kukulunga droni m'chitenje.

Pogula, makamaka ngati mukuitanitsa pa intaneti kuchokera ku Johannesburg kapena ku China, yang'anani miyezo ya m'kati osati ya kunja, ndipo muyeze droni yanu itavala kachivundikiro ka gimbal, mapropela ali pomwepo. Muyezenso limoti, chifukwa yokhala ndi sikirini ndi yokulirapo kuposa yolumikiza ku foni, ndipo siponji yodulira imodzi siikwana inzake. Pakati pa chipangizo ndi khoma la bokosi pakhale siponji yokhuthala ngati zala ziwiri. Musaiwale malo a zing'onozing'ono: mafyuluta a ND ochepetsa kuwala kolowa mu kamera, mamemore khadi, zingwe, mapropela apadera, kansalu kopukutira galasi, komanso kathumba kapulasitiki ka makalata a chilolezo choulutsira droni, amene ndi bwino kuyenda nawo mumzinda ngati uno, wokhala ndi malo a asilikali, ndende ndi nyumba ya boma kumene kuulutsa droni pafupi kungakubweretsereni mavuto.

Bokosi likafika, musalikhulupirire chifukwa cha zolembedwa kunja kwake zokha, makamaka ngati ndi lofanizira kapena logwiritsidwapo ntchito kale. Tulutsani siponji, ikanimo pepala louma la nyuzipepala, tsekani zotsekera zonse, n'kulimiza m'bafa lodzaza madzi mutalipanikiza ndi dzanja kwa mphindi zingapo. Pukutani kunja musanatsegule, kenaka onani ngati pepalalo lanyowa. Likanyowa, yambani mwayang'ana mphira wa m'mphepete, chifukwa kanjere kamodzi ka mchenga kapena tsitsi lopingasa pamenepo ndi lokwanira kulowetsa madzi, ndipo mphirayo ikauma n'kuyamba ming'alu imachotseka ndi kusinthidwa payokha popanda kugula bokosi lina.